Uta wa Bambo ndi Zipilala za ku Glasgow

Bambo anga anali mkamwini, ndipo kwathu ku Dedza mkamwini wochenjera samanga nyumba yolimba. Amangirenji pamudzi pa eni, pomwe tsiku lililonse akhoza kumulozera njira? Koma iwo anamanga ya njerwa zootcha. Pakhomo lochokera pakhonde sanagonekepo thabwa kapena chitsulo ngati mmene amachitira anthu onse. Anakweza njerwa mbali ziwiri, n'kumazipendeketsa pang'onopang'ono mpaka zinakumana pamwamba, kenaka n'kutsekera pakati ndi njerwa imodzi yosongoka kunsi, imene anaiumba mwapadera n'kuidinda ndi zala ziwiri isanalowe mu uvuni. Luso limeneli analiphunzira kumishoni ali mnyamata, ndipo khomolo ankalitcha uta.

Amayi amakonda kusimba za tsiku limene bambo anachotsa matabwa ochirikiza utawo. Akuti anakaima pansi pake penipeni n'kuuza anyamata kuti gumulani matabwa. Amayi anakuwa kuti chokanipo inu, mundisiyira ana ndani, koma bambo anangoyankha kuti mmisiri wokana kuima pansi pa ntchito yake ndi wakuba. Matabwa anagwa, fumbi linati koboo, uta unatsala chiimire. Kuyambira tsikulo anthu a midzi ina ankapatuka popita kuchigayo kuti adzaone khomo la mkamwini wamisala.

Pamene ndinkanyamuka kubwera kuno, mng'alu unali utayamba kuphazi la kumanzere kwa utawo, wopyapyala ngati ulusi. Bambo maso anali atayamba kuchita khungu, koma anaupeza ndi chala. Ndinawalonjeza kuti asaitane munthu wina, ndidzaukonza ndekha ndikadzabwera. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya zaka ziwiri basi. Lonjezo limeneli ndi limene ndinalisenza zaka zonse za ku Glasgow, ndipo kunena zoona ndi lokhalo limene linkandidzutsa m'mawa masiku ena.

Walira mvula walira matope. Ine ndinalirira Ulaya, ndipo anandipatsa kachipinda ku Springburn, pamwamba pa nyumba yosanjikizana, zenera lake loyang'ana njanji. Chipinda chinacho munkakhala munthu wa dziko lina amene ankagwira ntchito nthawi imene ine ndikugona. Ndinkamudziwa ndi nsapato zake pakhomo ndi fungo la anyezi wake, nkhope ndinaiona mwa apo ndi apo. Ndinkadzitama kuti ife a ku Dedza kuzizira timakudziwa. Ha! Kwa ku Dedza kumatha dzuwa likatuluka. Kwa kuno kumabwera ndi kamvula kosagwa kosaleka, kamene kamakulowa m'mafupa n'kukhazikika ngati mlendo wopanda manyazi. Mkazi amene ndinamusiya ku Lilongwe anatopa kudikira, ndipo sindimuimba mlandu.

Ntchito yoyamba inali yosambitsa ndi kudyetsa okalamba. Ndinaigwira, poti wosauka sasankha, koma manja anga ankayabwa. A Mbewe, mkulu wa mpingo kutchalitchi kumene Amalawi timakumana Lamlungu, ndi amene anandilumikiza ndi kagulu ka amisiri okonza nyumba zakale zamiyala. Ankafuna munthu wonyamula ndi kusakaniza matope. Ndinati m'mtima, matope okha ndiye ndinabadwira momwemo.

Mkulu wa kaguluko anali Tam, nkhalamba ya tsitsi loyera ndi zala zokhuthala ngati chinangwa. Chingerezi chake abale, miyezi yoyamba ndinkangovomera ndi mutu osamva kanthu. Ankanditcha bigimani, chonsecho ndine wamfupi, ndipo ndinakwiya nazo mpaka nditazindikira kuti amatero kwa aliyense, ngakhale galu. Tsiku loyamba anandionetsa khoma la tchalitchi china lomwe miyala yake inkanyenyeka, ine n'kufunsa mwaulemu kuti simenti ili kuti. Anatsamwa ndi tiyi. Anandikokera pakhoma, n'kugogoda ndi tchizulo, chitsulo chosemera miyala, pamene anthu ena akale anamatapo simenti. Simentiyo inali gwa, koma mwala wa kumbuyo kwake unangotsika ngati shuga. Anati mwala umapuma ngati munthu, umamwa mvula n'kuitulutsanso, ndipo ukautseka ndi simenti umaolera m'kati. Iwo ankagwiritsa ntchito laimu wosakaniza ndi mchenga, wofewa, wouma mochedwa. Ine amene ndinakula ndikudziwa kuti simenti ndiye chizindikiro chakuti munthu zake zayenda, ndinaima pamenepo kukamwa yasa. Ndinakumbuka kuti bambo anamanga uta wao ndi dothi la pachulu, ndipo ife ana tinkachita nazo manyazi.

Tam sanali munthu wa nkhani zambiri. Mkazi wake anamwalira kalekale, ana ali kutali, ndipo Loweruka lake linkathera kumpira ndi kumowa. Koma ukamufunsa za mwala, ndiye wamutsegula pakamwa. Nthawi ya tiyi tinkakhala pamwamba pa sikafodi, nsanja ya zitsulo yokwerapo amisiri, miyendo ili lende, tauni yonse ili pansi pathu, iye n'kumaloza ndi buledi wake.

Ankati zonse zinayamba ndi Agiriki, amene ankaimika zipilala n'kugoneka mwala wautali pamwamba. Ndinamuuza kuti zimenezo n'zosavuta, ndi mphanda ndi mtanda basi, chisakasa cha fodya chimamangidwa chomwecho. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvomera kuti ndi momwemo, kungoti mwala wogona ukatalika umathyoka pakati, n'chifukwa chake zipilala zao zimathithikana. Kenaka Aroma anafalitsa uta, kuti miyala ing'onoing'ono izikankhana yokhayokha n'kunyamula katundu amene mwala umodzi sungathe. Ndi uta anamanga milatho, ngalande za madzi, mpaka madenga ozungulira ngati mphika wovundikira. Patapita zaka mazanamazana, amisiri a matchalitchi anasongola utawo pamwamba kuti makoma akwere kumwamba ndi kulowetsa kuwala. Kenaka Ataliyana anatopa nazo, n'kupita kukayeza mabwinja a makolo ao Aroma ndi chingwe, n'kuyambiranso kumanga molinganiza, zenera ili lofanana ndi linzake, chilichonse pamuyeso. Nyengo imeneyo ankaitcha Renesansi, kubadwanso. Adzukulu ao ndiye anaona kuti muyeso wokhawokha ukugonetsa tulo, n'kuyamba kupotokola zipilala, kukhotetsa makoma, kupachika angelo onenepa paliponse. Imeneyo ndiye Baroki, ndipo Tam ankaitchula atakwinya mphuno ngati wanunkhiza nsomba yoola.

Ankati m'tauni muno amalonda atalemera ndi zombo anakopera zonsezo, wina banki ngati kachisi wa Agiriki, wina sitolo ngati nyumba yachifumu ya ku Italy. Ife ntchito yathu inali kuzipukuta mamina zikakalamba.

Tsiku lina ndinamuonetsa pafoni chithunzi cha khomo la bambo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akukulitsa ndi zala zake zafumbi. Anafunsa kuti anamanga ndani, ndipo nditamuuza anangoti: "Bambo ako ndi Mroma, bigimani. Mng'alu uwo usalole munthu aumate simenti." Tsiku limenelo ndinabwerera ku Springburn ndikumwetulira ndekha m'basi ngati wopenga. Ndinaimba foni kumudzi kuti ndiwauze bambo kuti ndi Mroma, iwo n'kukana kwamtuwagalu kuti iwo ndi a mpingo wao womwe uja, sanasinthe.

Masiku ovuta anali a Lamlungu. M'mawa kutchalitchi kunkakoma, nyimbo za kwathu, moni wa muli bwanji, ana a anzathu akuyankha m'Chingerezi chonga cha Tam ukawafunsa m'Chichewa. Koma mapemphero akatha aliyense ankalowa m'galimoto ndi banja lake, wina ku Dennistoun, wina ku Sighthill. Ankandiitana ndithu, koma munthu sungamadye kwa eni sabata iliyonse. Ndiye ndinkayenda wapansi kupita kutchalitchi chachikulu chakale chija chili m'munsi mwa phiri la manda. Kunsi kwake kuli chipinda cha mauta okhaokha, wina kutuluka mwa mnzake ngati nthambi. Tam anandiuza kuti ndiziyang'ana timizere pamiyala, kamtanda apa, kamuvi apo, zizindikiro za amisiri amene anasema miyalayo. Maina ao palibe akuwadziwa. Ndinkaika chala m'timizere timeneto n'kumaganiza za zala ziwiri za bambo panjerwa ija. Kusungulumwa kunalipo ndithu, koma m'chipinda chimenecho ndinkamva ngati ndili pakati pa anzanga.

Tsopano nkhani ya zithunzi. Aliyense wa kunja amadziwa kuti kumudzi sutumiza chithunzi cha kachipinda kako, kapena cha ovolosi yodzaza laimu. Umavala jekete yabwino n'kukaima pamalo ooneka. Ine ndinkakonda kuima pakati pa tauni, patsogolo pa chinyumba cha zipilala zitalizitali, pomwe pali chiboliboli cha munthu wokwera kavalo chimene anyamata a kuno amachiveka kachipewa ka pulasitiki kochenjezera magalimoto pamsewu. Tam anati nyumbayo poyamba inali ya munthu amene analemera ndi fodya wolimidwa ndi akapolo. Zimenezo sindinalembe. Ndinangotumizira mlongo wanga Esinati chithunzicho, n'kulemba kuti nyumba zimene timakonza ndi zonga izi. Esinati ndi amene anatsala pamudzi ndi mwamuna wake kusamala makolo, ndipo kangachepe kamene ndinkatumiza kankafikira m'manja mwake.

Bambo anamwalira mapepala anga ali ku ofesi kokonzedwanso, ndipo ndikanatuluka m'dziko muno sakanandilolanso kulowa. Maliro ndinawaonera pafoni, netiweki ikudukaduka. Ndinaona bokosi likutuluka pansi pa uta, anthu akuwerama pang'ono ngakhale khomolo linali lalitali mokwanira. A Mbewe ndi amayi a mvano anabwera kudzakhala nane, anaimba, anaphika, madzulo n'kubalalika. M'mawa mwake ndinapita kuntchito chifukwa makoma a chipinda changa ankandiyang'ana. Tam anangondipatsa tchizulo chake, chimene sankalola munthu kuchikhudza, n'kundisiya ndiseme ndekha mwala wa pawindo tsiku lonse.

Patapita miyezi, Esinati anayamba kuizungulira nkhani ya nyumba. Anati amalume akuti kale nyumba ya womwalira inkagwetsedwa, ndipo ngakhale masiku ano a mpingo sachitanso zimenezo, si bwino mayi wamasiye kumangogona m'nyumba yodzaza ndi mwamuna wake. Anatinso anthu akuseka pachitsime, kuti mwana ali ku Ulaya koma make akugona m'nyumba yomangira dothi, ya khomo ngati uvuni. Ndinafuna kukaniza pomwepo. Koma ndinaleredwa kuti mlongo wako amene akusamala makolo iwe uli kutali sumulamula ngati wantchito. Ndiye ndinalankhula mofatsa. Ndinati: "Chemwali, musavutike ndi za nyumba yatsopano. Yakale ija ine imandikwanira, ndidzaikonza ndekha ndikabwera." Iye anayankha kuti tamva achimwene, musadandaule.

Ndinaika foni pansi mtima uli m'malo. Zaka za kuno zinali zitandiiwalitsa chinthu chimene mwana aliyense kwathu amachidziwa. Mlendo akati musavutike, ndakhuta, mwininyumba sakhala pansi. Amatuma ana kuti athamangitse nkhuku. Kwa Tam ayi ndi ayi, koma kwathu musavutike ndi ulemu wa munthu amene akufuna koma sangapemphe. Esinati anamva mchimwene wake wodzichepetsa, amene akuchita manyazi kunena kuti akufuna nyumba yonga ya m'zithunzi zake.

Kuyambira pamenepo zithunzi za pakhomo zinasiya kubwera. Ndikafunsa, ankati kamera ya foni yafa. Nthawi zina ankapempha kuti ndiwonjezere pang'ono, za denga, za mankhwala a amayi, ine n'kumatumiza. Nthawi yonseyi ine ndinali kalikiliki kukonzekera. Ndinamufunsa Tam zonse, momwe ungachirikizire uta ndi matabwa, momwe ungatulutsire njerwa zofooka imodziimodzi osaugwedeza, momwe ungalimbitsire phazi lake. Tinayeserera pakhomo la kuseri kwa nyumba ina ku Dennistoun, iye ataima pambali manja m'thumba. Nditamaliza anati tsopano ukhoza kupita kwanu.

Mapepala atatuluka ndinanyamuka, m'chikwama muli levulo yatsopano yoyezera kuwongoka kwa khoma ndi tchizulo chija, chimene Tam anakana kuti ndimubwezere. Kuchokera pamsewu wa tala ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, ndipo titakhota pamtengo wa mkuyu ndinamuuza mnyamatayo kuti wasochera. Anati ayi bwana, kwa a ku Ulaya ndi pano, palibe amene sadziwa.

Panali nyumba yaikulu ya malata ofiira, ndipo kutsogolo kwake zipilala zinayi zoyera mbee, zazitali kuposa denga la khonde lenilenilo, pamwamba pake atazikongoletsa ndi timasamba ta simenti topaka penti yagolide. Ndinatsika. Ndinayang'ana kumanzere, kumanja, kuseri, kufunafuna nyumba ya bambo. Panalibe. Yatsopanoyo inakhala pamalo pake penipeni.

Nthungululu zinalira. Esinati anathamanga n'kundikumbatira, wanenepa, imvi zayamba, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Alamu anandigwira dzanja n'kundiyendetsa, akufotokoza monyadira kuti mmisiri wa ku boma anaumba zipilalazo m'mapaipi akuluakulu, akuyang'ana chithunzi changa pafoni. Ndinagogoda chimodzi ndi chala mwachizolowezi. Sichinkanyamula kanthu, denga linali litakhala pakhoma. Pabalaza, pamwamba pa sofa, panali chithunzi changa chija atachikulitsa, ine ndi jekete yanga, zipilala kumbuyo, ndi mwendo wa kavalo pakona. Ndinafunsa ndi mawu ang'onoang'ono kuti njerwa zakale zija zinapita kuti. Alamu anati sizinatayike ngakhale imodzi, anaziphwanya n'kuzithira pansi pa khonde asanathire konkire. Ndinayang'ana pansi pa nsapato zanga, matailosi akuwala.

Ndinafuna kukalipa, ndisaname. Koma Esinati anandigwira mkono, n'kunena akuyang'ana nkhope yanga ngati mwana amene wabwera ndi zotsatira za mayeso: "Achimwene, tinkaopa kuti mukadzabwera mudzaona ngati kuno n'kutchire, n'kubwereranso msanga. Tinati tiwamangire Glasgow wao pompano, mwina angakhale."

Mkazi ameneyu anasambitsa bambo ine ndikusambitsa makolo a eni. Anasenza mchenga kumtsinje, anakangana ndi amisiri, anadzimana kuti kangachepe kanga kafike padenga. Ndinameza mawu anga, ndipo nkhuku imene anapha tsikulo inandivuta kutsitsa.

Amayi sofa sankakhalapo, ankayala mkeka kuseri kwa nyumba pafupi ndi khola la nkhuku. M'mawa wina, anthu atapita kudimba, anandikodola. Analowa m'kachipinda kao n'kutuluka ndi kanthu kokulunga m'chitenje chakale. Inali njerwa yosongoka ija, dothi la pachulu likadali m'mbali, zala ziwiri za bambo zili pomwepo. Anati tsiku logumula anangoima patali, ndipo utawo unavuta, anyamata anachita kuumenya ndi nyundo yaikulu mpaka thukuta. Fumbi litatsika anapita kukatola imeneyi.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanakanire, poti nyumba inali yao. Anandiyang'ana modabwa. "Anandiuza kuti ndi zofuna zako. Mwana wanga wavutika kuchisanu zaka zonsezi kuti andimangire nyumba, ine ndikane? Ndinangoti musavutike ana inu, ine muno mwandikwanira."

Tinakhala pamkekapo, njerwa ili pakati pathu, nkhuku zikutizungulira. Amayi anaika zala zao m'mabowo aja, koma zinali zazing'ono, sizinadzaze.

Sindinakhalitse. Ntchito inkandidikira, komanso panalibenso choti ndikonze. Levulo ndinawasiyira alamu. M'chipinda chimene anandikonzera ndinkagona ngati pa resiti hausi, ndipo m'mawa ndinkatulukira khomo lakuseri kuti ndisaponde pakhonde. Amayi anaumirira kuti njerwayo nditenge, ati iwo utawo ali nawo m'maso.

Lero ili pawindo la ku Springburn, kuyang'ana njanji. Tam anapuma ntchito, mawondo anamukana, ndipo nthawi zina ndimapita kukamuona Loweruka. Anandifunsa kamodzi kokha ngati mng'alu uja ndinautseka. Ndinatulutsa njerwayo m'chikwama n'kumupatsa. Anaitembenuza, n'kuona kusongoka kwake, n'kuona zala, ndipo poti ndi mmisiri sanafunsenso. Njerwa ya pakati situluka uta ukadali chiimire.

Esinati amaimba Lamlungu lililonse masana, nthawi imene ndimakhala nditangobwera kutchalitchi. Amandiuza kuti anthu akumapatuka popita kuchigayo kudzajambulitsa pazipilala, ndipo akwati ena anabwera ndi diresi lao. Kenaka mawu ake amatsika, n'kufunsa funso lomwe lija, ngati nyumba ija ndinaikondadi, poti ndinachoka msanga. Ine ndimayang'ana njerwa pawindo, sitima ikudutsa pansi, n'kuyankha monga ndinaleredwera.

"Mwavutika, chemwali. Zikomo kwambiri."